Mphindi Zinayi Zomwe Sindinalembe

Ine, Evaristo Dalmasso, wa zaka 48, wokhala m'tauni ya Colonia Arrieta m'chigawo cha La Pampa, wogwira ntchito yopinda ndi kusoka maparachuti pa kalabu ya pabwalo la ndege la kwathu, ndabwera ndekha pa polisi pano lero Lachisanu pa 25 Epulo, popanda wondiitana. Ndikupereka umboni pa nkhani ya kuvulala kwa Lisandro Kloster, amene anadumpha kuchokera pa chibaluni Lachiwiri lapitali. Mkazi wanga, Griselda Etchart, ali m'chipinda chinacho kuyambira m'mawa. Ndamva kuti wakuuzani kuti mlandu wonse ndi wake, ndiponso kuti panalibe wina amene anaona zomwe anachita. Chachiwiricho si choona. Ine ndinaona.

Lisandro anabwera pa kalabu yathu zaka khumi ndi zinayi zapitazo, ali mnyamata woyendetsa thirakitala m'munda wa bambo ake. Ndinamuphunzitsa kudumpha ndine. Ulendo wake woyamba anasanza m'ndege, ndipo pakhomo ndinachita kumukankha. Mpaka lero iye amanditchula kuti aphunzitsi. Ena onse amanditchula kuti Wadazi.

Za chibaluni anayambitsa ndi don Ovidio Barrancos, mkulu wa kalabu, zaka zisanu zapitazo. Cholinga chinali choti munthu mmodzi akwere m'dengu lachitsulo lomangiriridwa ku chibaluni, afike makilomita 31 m'mwamba kumene kulibe mpweya wopuma, kenako adumphe. Munthu ameneyo ndinali ine. Ndadumphapo maulendo 6,200, Lisandro sanakwanitse ngakhale 3,000. Chovala chapadera chokwerera kumeneko anachisoka potengera thupi langa. Mu Okutobala chaka chatha dokotala anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo don Ovidio ananditengera kuseri kwa shedi ya ndege n'kundiuza kuti adumpha ndi Lisandro. Manja a chovalacho ndinawafupikitsa ndine, pa makina anga, ndi masentimita atatu, chifukwa mnyamatayo ndi wamfupi kwa ine.

Ine anandipatsa wotchi. Munthu asanakwere kumeneko amayenera kupuma okosijeni yekhayekha kudzera pa masiki kwa maola awiri, kuti mpweya wina umene umakhala m'magazi uchoke. Ukatsalamo, kumwambako magazi amachita thovu ngati botolo la soda ukalitsekula mofulumira, ndipo thovulo limakakhala m'mawondo kapena mumsana. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndinalilemba ndi dzanja langa pakhoma la kalavani, kanyumba ka matayala kamene wodumphayo amadikiriramo: masiki ikachoka kumaso, ngakhale kwa kamphindi, maola awiri aja amayambiranso. Wogwira wotchi ndiye amayang'anira, ndipo ndiye amanena.

Zibaluni tinali nazo ziwiri zokha. Chibaluni chotere n'chopyapyala kuposa jumbo ya buledi. Timachigwira titavala magolovesi a thonje, ndipo chikangofunyululidwa sichipindidwanso. Chikapanda kunyamuka m'mawa womwewo, n'chotaya.

Pa 18 Malichi tinayesa koyamba. Chibaluni chitadzaza theka, ndinamva kaphokoso ka mpweya ukutuluka pamkono wamanzere wa chovala. Ndinati, "Imani." Anaima. Akufufuza, mphepo inadzuka ndipo chibaluni chinang'ambika pakati. Masana anachiyesa chovalacho katatu, osapeza pobooka. Mpaka lero ndikuti ndinamva.

Nyama yachikondwerero inali itagulidwa kale, choncho madzulo tinaiwotchabe. Fermín, amene amatiwotcherera zitsulo, ananena mawu awa anthu onse akumva: "Wadazi ali ndi makutu a galu. Amamva mpweya ukutuluka m'chovala chilichonse chimene sanavale iye." Anthu anaseka. Lisandro anati, "Asiyeni aphunzitsi, mudzawakwezera magazi, tidzawaika m'manda tisanadumphe." Anasekanso. Griselda naye anaseka, atagwira pakamwa.

Titafika kunyumba anandifunsa funso lomwe ndikulikumbukira liwu ndi liwu: "Evaristo, undiuze zoona. Unaimitsa chifukwa cha mpweya, kapena chifukwa si iwe?" Takhala m'banja zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo anali asanakayikirepo ntchito ya manja anga. Ndinakagona ku shedi.

Mulembenso ichi, a sajeni. Griselda ndiye amatipangira yeriba pa kalabu, chakumwa chathu chija cha masamba ouma chonga tiyi. Amayenda ndi fulasiki kukhwapa, chikho ndi kapaipi kake kachitsulo m'manja, n'kumathirira aliyense mwa mzere wake. Kuyambira mu Disembala ndinayamba kuona makoko a malalanje atayanikidwa pawindo la kukhitchini kwathu. Ine ndimamwa yowawa, yopanda chilichonse, ndipo iye amadziwa. Inunso munakulira kuno, mukudziwa chimene mkazi amanena akakuikira khoko la lalanje m'chikho: akuti bwera udzanditenge. Achinyamata a m'tauni amati n'zachikale. Griselda anakulira kufamu, monga ine. Sindinamufunse, ndipo sindinawapezepo awiriwo akuchita choipa chilichonse. Ndinkangowerenga makokowo. Lachinayi lililonse, tsiku limene Lisandro ankabwera kudzayeserera, ankachepa.

Lachiwiri pa 22 Epulo ndinafika pabwalo la ndege 5:30 m'mawa. Kunkazizira, kopanda mphepo. A zanyengo anati mphepo idzuka cha m'ma 9 koloko. Lisandro anavala chovala mpaka m'khosi n'kukhala pampando m'kalavani. Nthawi itakwana 6 koloko ndinamuveka masiki, ndinayambitsa wotchi, n'kukhala moyang'anana naye, mita imodzi pakati pathu. Pofika 6:45 anafunyulula chibaluni chachiwiri, chomaliza. Kumpanda kunali anthu osachepera mazana atatu, ndi galimoto ya a wailesi yakanema ochokera ku Santa Rosa.

Nthawi ili 7:33 don Ovidio anandiitana pa wailesi kuti ndipite ku dengu. A kanema ankafuna kujambula kaulusi kofiira kamene ndimamangira pa parachuti ndikamaliza kuipinda. Ndinati ndili pa wotchi. Iye anati, "Mphindi zisanu zokha, Wadazi. Munthuyo si khanda." Ndinapita. Sindinayenera kuchokapo, koma m'miyezi isanu ndi umodzi kanali koyamba kuti munthu afune kujambula chinthu changa. Kuchokera pa kalavani kukafika pa dengu ndi mamita makumi asanu ndi limodzi.

Ndinabwerera 7:38. Ndinadutsa mbali ya windo, ndipo ndinaima. Griselda anali m'katimo, fulasiki kukhwapa. Masiki ya Lisandro inali pamphumi, kapaipi kali m'kamwa. Windo la kalavaniyo silitsekeka bwino, choncho ndinamva zonse.

Lisandro anati, "Ndikafa kumwambako, bola ndife m'kamwa mukukoma."

Griselda anati, "Usalankhule zopusa, iwe. Imwa msanga, asanabwere wa wotchi."

Wa wotchi. Ndi mmene ananditchulira.

Chikho sachibweza chisanalire, ndipo Lisandro anamwa mpaka kapaipi kanalira pansi. Griselda anathiranso. Polandira chachiwiricho anagwira dzanja lake pamodzi ndi chikho, ndipo sanalisiye. Atamaliza, Griselda anamupukuta mlomo ndi chala chachikulu, n'kumutsitsira masiki ndi manja ake, n'kumukonzera lamba kuseri kwa khutu.

Wotchi yanga ili ndi batani lachiwiri lowerengera nthawi yapadera. Sindikumbukira kuti ndinaganiza zolidina, koma ndinalidina nditangoona masiki pamphumi, ndipo ndinalidinanso itabwerera. Zinali mphindi zinayi ndi masekondi khumi, osawerengera zimene zinadutsa ndisanafike. Chitseko chinali pa mamita awiri kuchokera pomwe ndinaima. Sindinalowe, sindinagogode pawindo.

Nditalowa, m'kalavani monse munali fungo la lalanje. Griselda anati, "Ndimangomufunira ulendo wabwino." Kwathu kuno ngakhale munthu amene sumuyankhulitsa akakupeza uli ndi chikho, umamuthirira. Griselda anatseka fulasiki n'kutuluka osandithirira. Lisandro anandiimikira chala chachikulu, ine n'kukhala pampando wanga.

Tinayang'anana kwa mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwandifunsa zimene ndinkaganiza, ndipo ndinena. Ndikanalankhula, maola awiri akanatha 9:42, mphepo itadzuka kale, ndipo chibaluni chachitatu panalibe. Fermín akanapeza nthabwala ina. Mkazi wanga akanandifunsanso funso lija. Komanso ndikanayenera kufotokoza pamaso pa anthu mazana atatu kuti m'kalavani munali ndani, ndiponso kuti m'chikho munali chiyani. Zonsezi ndi zoona, koma si zokhazi. Ndinkayang'ana manja a chovala aja, msoko wanga uli poyera, ndipo mumtima ndinati: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha.

Nthawi itakwana 8 koloko don Ovidio anaima pakhomo n'kufunsa monga mwa dongosolo lathu: "Dalmasso, nthawi?" Ndinayankha kuti, "Maola awiri, osadukiza." Ndinasaina fomu. Lisandro tinamuveka chisoti, tinapita naye ku dengu, ndipo malamba ake ndinawamanga ndine. Chibaluni chinanyamuka 8:14. Anthu anawomba m'manja. Griselda anali kumpanda, atagwira fulasiki ndi manja awiri, mutu uli m'mwamba mpaka chibaluni chinasanduka kadontho.

Tinalowa m'shedi mmene munali wailesi. Nthawi ili 9:50, ali pa makilomita 23, Lisandro anati, "Bondo lamanja likundiluma pang'ono." Dokotala wa kalabu anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati masiki inachokapo. Ndinati sinachoke. Griselda anali kumbuyo kwanga, mamita atatu, ndipo ndinamva akuika fulasiki pansi. Lisandro anamva funsolo pa wailesi, ndiye anati, "Musade nkhawa, adokotala. Ndi chovala cha aphunzitsi ichi, chikundikana." Anthu anaseka. Pamenepo zinali zothekabe kumuuza kuti adumphire pomwepo, osakweranso. Dokotala anayang'ana fomu yanga, n'kulola kuti apitirize.

Anafika pa makilomita 31 nthawi ili 10:36, ndipo anatsekula chitseko cha dengu. Kenako anaitana ine, osati don Ovidio. Mawu ake ndi awa: "Aphunzitsi, mukundimva? Kuno kumwamba n'kwakuda bii, chonsecho dzuwa lili poteropo. Dziko likuoneka lopindika, m'mphepete mwake muli kamzere kabuluu. Mukanaona, aphunzitsi."

Ndinati, "Yang'ana malamba ako."

Kwa zaka zisanu ndinkagona ndikudzuka ndi kamzere kameneko m'mutu. Mawu akuti mukanaona anandibaya kuposa zonse zimene ndinaona pawindo lija, ndipo anawanena ndi mtima wabwino, zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

Anadumpha 10:41. Anagwa kwa mphindi zinayi ndi masekondi makumi awiri asanatsekule. Parachuti inatseguka bwinobwino, yosapotana ngakhale chingwe chimodzi. Ndinaipinda ndine. Anatera makilomita 41 kum'mawa, m'munda wa mpendadzuwa wokolola kale. Ine ndi dokotala tinafika kumeneko pa galimoto 11:35.

Tinamupeza atakhala pansi, atatsamira mtengo wa mpanda, chisoti chili pambali, akuseka, eni mundawo akujambulitsa naye. Anati, "Miyendo yachita dzanzi, mwina ndatera molakwika." Tinayesa kumuimiritsa, koma miyendo inangolendewera. Dokotala anagwada, anamutsina chala chakuphazi, ndipo sanamve. Anafunsanso za masiki, ulendo uno akuyang'ana tonse awiri. Lisandro anangoti, "Funsani wa wotchi," n'kuyang'ana kumbali. Iye ankabisa Griselda, ndipo sankadziwa kuti ndikudziwa. Ine ndinati, "Zonse zili pa fomu."

Chifukwa cha yankho limenelo dokotala anaganiza kuti wathyoka msana potera, choncho tinapita naye ku chipatala cha ku Santa Rosa kukamujambula. Akanadziwa zoona akanalunjika naye ku Bahía Blanca, kumene kuli chipinda chochotsera thovu m'magazi. Zithunzi sizinaonetse fupa lothyoka. Anamujambulanso. Ine ndinakhala pa benchi panja masana onse, wotchi ili m'thumba. Cha m'ma 7 koloko madzulo Griselda, amene anatitsatira kuchipatalako, anadzuka pambali panga, anatsatira dokotala m'kanjira ka m'chipatala, n'kumuuza za yeriba. Ambulansi inanyamuka pasanathe mphindi makumi awiri. Madokotala a ku Bahía Blanca auza banja lake kuti akanafika masana, bwenzi akuyembekezera zambiri. Pakali pano Lisandro akugwedeza zala ziwiri za phazi lamanzere.

Griselda anapita ndi ambulansiyo. Anabwera kunyumba Lachinayi masana kudzatenga zovala, tsiku lomwe bambo ake a Lisandro anadzadandaula kuno. Anandipeza kukhitchini. Anati, "Miyendo yake ndaipha ndine, Evaristo. Ndinkaona ngati n'zimalamulo zanu zija za pakhoma, zambirimbiri. Ndinadikira kuti uchoke. Undikhululukire, ndakuipitsira dzina, fomu yako yasanduka yabodza chifukwa cha ine." Anagwada pansi pa simenti, n'kugwira mwendo wanga akulira. Chiyambire Okutobala anali asanandigwirepo. Ndinamusiya apepese mpaka anamaliza, ndipo ndinamuuza kuti ndamukhululukira.

Lero m'mawa, wapolisi wanu atabwera kudzamutenga, ndinatulutsa wotchi m'thumba la jekete. Nambala ija ikadalipo. Ndaisiya pa tebulo lanu pamodzi ndi fomu, ndipo siginecha ili pamenepo ndi yanga.

Griselda sanakhalepo pa maphunziro athu ngakhale tsiku limodzi. Za thovu m'magazi palibe anamufotokozera, ndipo woyenera kumufotokozera ndinali ine. Iye anapatsa munthu chakumwa m'mawa wozizira, monga amachitira tsiku lililonse. Lisandro ankadziwa lamulo, koma ndi mnyamata, ndipo chikho chinachokera m'manja amene sakanawakana. N'chifukwa chake pamakhala wa wotchi. Ndinafunsidwa katatu: m'kalavani, m'shedi ndi m'munda wa mpendadzuwa. Maulendo onse atatu ndinali ndi mphindi zinayi zija m'thumba.

Mwandifunsa ngati ndikumva chisoni. Za miyendo yake ndikumva, ndipo usiku sindigona. Ndinamuphunzitsa ndine kutera ndi miyendo imeneyo. Koma ndikakuuzani kuti nsanje yandithera, ndinama kachinayi. Wagona chagada, inde. Koma iye waona thambo lakuda masana, ndipo ali ndi womugwirira chikho pakamwa.

Ndikupempha kuti mumumasule mkazi wanga, mlanduwo muulembe pa dzina langa. Mukamuuza zimene ndanenazi, mumuuze ine nditachoka pakhomo pano kapena nditalowa m'chipinda chimene mundiikemo. Musavutike kumufunsa kumene akupita. Basi ya ku Bahía Blanca imanyamuka 2:40, ndipo mukafulumira aipeza. Pa benchi panjapo ndasiya chikwama chake chabuluu. Muli juzi yake, fulasiki, chikho ndi kapaipi. Makoko a pawindo anatha, choncho ndasenda lalanje lina m'mawa uno n'kukulunga m'kapepala. Ngati ndachulutsa kapena ndachepetsa, achite kukonza yekha. Muyeso wake sindiudziwa, poti kwa ine sanaikepo.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse kuyambira pamwamba, ndipo palibe choti ndichotsepo.

Wopereka umboni: Evaristo Dalmasso ______________________

Wolemba umboni: Sajeni R. Quiroga Paz ______________________